Amene Anasuntha Miyala

Mtembo unali pansi pa phompho, chafufumimba, chipewa chitagwera patali. Eusebio Archuleta, wofufuza milandu amene wakalambira m'chipululu muno, anafika 7 koloko m'mawa thanthwe lisanayambe kuwotcha. Womwalirayo anali Craig Pulaski wa ku Ohio, mmodzi mwa alendo aja obwera ndi kamera amene amaganiza kuti Mulungu anaumba mapiri kuti iwo ajambule.

Anaupeza mtembowo ndi Verl Hunsaker, wosamalira njira za m'paki, mnzake wa Eusebio wa kalekale.

"Wagwa yekha ameneyu, achimwene," anatero Verl. "Amayenda maso ali pa foni anthu awa."

Eusebio anakwera pamwamba. Pathanthwe sipaoneka njira, choncho alendo amatsata milu ya miyala imene osamalira njira amaunjika. Anaitsata. Milu yomaliza inapatuka njira yeniyeni n'kukathera pamene thanthwe limatsetsereka mwadzidzidzi. Anaima, pakamwa pali yasa.

"Mayo ine! Verl, munthuyu achita kumulondolera ku imfa."

Pofika 10 koloko, Dana, mkazi wa malemuyo, anali m'chipinda chofunsira mafunso. Anzawo a pamsasa anawamva akukangana dzulo lake.

"Munakangana chiyani, mayi?"

"Timakangana tsiku lililonse, bambo. Ndiwo unali ukwati wathuwo."

"Bwanji anapita yekha?"

"Ndinatopa ndi mapanga ake amene ankangosakasaka. Ndinamuuza kuti akakwatire phangalo." Anagwira pakamwa, n'kuyamba kulira.

Mkulu wa polisi ankafuna mayiyo atsekeredwe tsiku lomwelo. Akuluakulu amatero, mlandu ukatha msanga amakadya msanga. Eusebio anapempha kuti amudikire mpaka madzulo.

Masana anabwerera kuthanthwe kukafuna pamene miyala ya milu yomaliza ija inatengedwa. Anapeza maenje ake kutsidya kwa kadambo ka dothi lakuda la nkhanambo, lija lamoyo, limene ukalipondapo phazi lako limakhalapo mpaka adzukulu ako. Kudutsa pakati kunali pafupi zedi. Koma panalibe phazi ngakhale limodzi. Wonyamulayo anazungulira ndi miyala yolemera, kuponda pamwala pokhapokha, ulendo uliwonse. Eusebio anakumbukira zimene anaona m'mawa pamsasa wa alendo, pamene nsapato za Dana zinaponda dothi lotere ngati ng'ombe m'munda.

Anakhala pansi pamwala wotenthawo osamva kutentha.

4 koloko anamupeza Verl akugwetsa milu yabodza ija ndi kubwezera miyala m'malo mwake.

"Isiyeni miyalayo, Verl."

"Ina ingaphenso munthu, achimwene."

"Mlendo akanadutsa pakati pa kadambo kaja. Mkazi ujanso akanadutsa pakati. Ndani m'dziko muno anganyamule mwala wophera munthu, koma n'kuopa kuponda dothi?"

Verl anauika mwalawo pansi pang'onopang'ono. Anavula chipewa.

"Mukulidziwa phanga la zikhatho lija? Anthu amakedzana anadinda manja awo pakhoma, ena a tiana. Zaka zonse za ntchito yanga ndakhala ndikulibisa. Chaka chatha mnyamatayu analipeza, n'kuika kanema pa intaneti, njira yonse poyera. Pitani mukaone lero. Mayina a zibwenzi awazokota pamwamba pa manjawo. Wina anasema kadzanja kamodzi n'kupita nako kwawo."

"Ndiye mwamupha?"

"Dzana anabwera kwa ine, akuseka. 'Madala, akuti pali phanga lachiwiri. Ndilipeza, mundiuze kapena ayi.' Ndipo akanalipezadi. Anali pafupi."

"Mukanangomusocheretsa!"

"Akanabweranso mawa."

Eusebio anamuyang'ana munthu amene anadya naye nyemba ndi tsabola zaka zonsezi, ngati akumuona koyamba.

"Nanga mayi uja? Mukanamusiya akafere kundende?"

Verl anangowerama n'kukonza mwala uja kuti ukhale bwino m'malo mwake. Zimenezo zinamuopsa Eusebio kuposa mtembo uja.

Unyolo unalira m'manja mwa Verl. Galimoto inali kutsidya kwa kadambo kaja, ndipo Eusebio, mutu utasokonezeka, analunjika pakati. Verl anamukoka ndi manja omangidwawo.

"Osaponda pamenepo, achimwene. Dothilo limatenga zaka zana kuti libwerere. Alendo amabwera ena chaka chilichonse."

Anazungulira.