Kaselo Kanathawa

Mzime analowa m'chipinda chofufuzira cha achemwali ake osagogoda, yunifolomu ili thukuta lokhalokha. Aphunzitsi aakulu anali atamubweza chifukwa chomenyana ndi mnzake. Anati kholo likapanda kuonekera sukulu isanaweruke, mayeso a mawa awaiwale. Achemwali, amene ankamulera, analonjeza pafoni kuti akubwera. Sanabwere.

M'chipindamo munali kamdima. Patebulo lachitsulo panali tizigalasi tondondozana, tolondolera kuwala mpaka m'makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Kuwalako kukasongoka bwino, kumapana kanthu kosaoneka ndi maso ngati mmene zala zimapanira njere. Pakompyuta pankaoneka kaselo kamodzi ka magazi, katapanidwa, kakukokedwa pang'onopang'ono.

"Usakhudze tebulo," anatero achemwali, osacheuka n'komwe.

"Moni wake ndi ameneyo?"

"Dikira pang'ono, Mzime."

"Ndadikira pageti mpaka alonda kundibwereka mpando. Kadonthoka ndiye mwakagwira bwinobwino, achemwali. Wotaya ndine."

"Wamenya mwana wa eni ndiwe, ukalipirenso ine? Ndati dikira."

Mzime anavula chikwama cha mabuku n'kuchimenyetsa patebulopo. Kagalasi kena kanapendekeka. Pakompyuta kaselo kaja kananjenjemera, kanayandama, n'kusowa.

Mkulu wa chipindacho, bambo wosakonda zolankhula, anasuzumira atamva phokoso. Anayang'ana chikwama, anayang'ana achemwali.

"Makinawa ena akuwafuna madzulo ano. Musachoke mpaka kuwala kutabwerera m'njira yake." Anatseka chitseko mosamala kwambiri, ndipo kwa Mzime zinawawa kuposa kukalipiridwa.

Achemwali anaimirira. M'pamene Mzime anaona kuti mkati mwa jasi loyera anali atavala kale diresi yawo yopitira kumisonkhano, ndi nsapato zazitali zimene ankadana nazo. Kachikwama kam'manja kanali pansi pa mpando, makiyi ali pamwamba.

"Kunatsala chithunzi chimodzi," anatero achemwali mokwiya. "Chimodzi. Bwenzi pano tili panjira."

"Ndiye kuwongolako kutenga nthawi?"

"Kagalasi kamodzi kakapendekeka, umayambira koyamba."

Mzime ananyamula chikwama chake ndi manja awiri, pang'onopang'ono, ngati chili ndi mazira.

"Ndikugwirireni chiyani?"

"Usagwire chilichonse."

Anakakhala pansi pafupi ndi chitseko, chikwama pamiyendo. Nthawi yoweruka kusukulu inakwana achemwali akadali weramu patebulo, akupotokola kagalasi kachitatu.