Usiku umene kompyuta inasamutsa msika

Ine paulonda ndaona zinthu. Ndinabalalitsapo gulu lonse la akuba ndi kutsokomola kokha. Koma za dzana usiku, ngakhale ine malovu amauma.

Ndimalondera ofesi ina ya anthu ofufuza. Akuluakulu a mzinda akufuna kusamutsa msika wathu kuti upite kutsidya kwa mlatho, ndiye anatuma anthuwa kuti ayesere kaye m'kompyuta. Ankaitana ogulitsa n'kumawafunsa: msika ukasamuka, mupita kapena musiya? Mitengo mukweza? Ukayankha, ankakupatsa kangachepe ka sopo. Mayi a kunyumba, amene amagulitsa tomato, anapita nawo. Anabwerako akuseka.

"Bambo, kulipidwa chifukwa cholongolola! Inuyo mukanalemera kalekale."

Mayankhowo ankawathira m'makina, ndipo m'katimo munkabadwa timadontho toyenda tokha. Kadontho kalikonse kali ndi mwini wake.

Madzulo amenewo Adokotala, mayi amene amayendetsa ofesiyo, anakhoma chitseko nati, "Madala, makinawa agwira ntchito mpaka kuche. Azisamutsa msika n'kuubweza, kusamutsa n'kuubweza, kuti tione zotsatira zake. Magetsi musazimitse."

Ndinakhala pampando wanga pageti. Kunja kuli zii. Kenaka ndinamva phokoso la msika. Chapansipansi, ngati njuchi m'botolo. Wina akutsatsa malonda, wina akunenerera mtengo. Linkachokera m'chipinda chokhomacho. Ndinasuzumira pawindo. Pagalasi la kompyuta timadontho tinali pamzere, tikuwoloka mlatho ngati linthumbu. Tikafika kutsidya, galasi phethi, n'kuyambiranso.

Pageti panamveka kugogoda. Go. Go.

Ine ndine munthu woti mkango ukandiona umapempha njira. Ndinabwerera pageti n'kuunika ndi tochi. Panja panaima mayi atasenza beseni la tomato. Nsalu ndi ija ndinagula ndine. Kaimidwe ndi ka mayi a kunyumba. Koma tsitsi lonse mbuu, msana wopindika, ngati papita zaka zambirimbiri chichokereni kunyumba. Kuwala kwa tochi kunkawadutsa n'kukagwera pamtengo wa kuseri kwawo.

"Bambo," anatero, mawu ali omwewo, "tiwoloka kangati?"

"Mayi, si ndakusiyani mukuyala mphasa?"

"Ogula sakutitsata kutsidyako. Tomato akuolera pamutu. Tikafika atibweza, tikabwerera atitumanso. Miyendo yatha."

Kumbuyo kwawo ndinaona ena. Wogulitsa makala. Telala, makina ake ali pamutu. Mzere mpaka kumene msewu umathera, mwinanso mpaka kumwezi. Onse okalamba, onse akundiyang'ana. Khamu lonselo popanda phazi limodzi lomveka. Ndinavula chipewa.

Ntchito ndimaikonda, koma mkazi ndili naye mmodzi. Ndinathamangira kubokosi la magetsi n'kugwetsa switchi yaikulu. Mdima bii. Ndinamva beseni likutulidwa pansi, wina n'kuusa moyo. Nditaunikanso, msewu unali pululu.

M'mawa Adokotala anandikalipira mpaka makutu anatentha. Ndinawafotokozera zonse. Sanaseke. Anayatsa makina n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Timadontho tonse tinali titachoka pamlatho, titaunjikana pakona ina ya mapu awo.

"Mwina makina asokonekera," anatero, koma mawu ali otsika.

"Pamenepo ndi pati, Adokotala?"

"Pageti panu, madala."

Kunyumba ndinapeza mayi ataviika mapazi m'madzi ofunda, atatupa ngati maungu. Sanatuluke usiku wonse, ana ndi mboni. Telala nayenso sanatsegule, akuti khosi lauma. Anthu akunong'onezana kuti kandalama kaja sikanagule mayankho okha, kanagulanso mithunzi yawo.

Za msika akuluakulu sanagamulebe. Akudikira zotsatira, ndiye makina ayatsidwanso usiku uno, ndipo bokosi la magetsi aliika loko. Mayi a kunyumba ndawauza. Agona atavala nsapato.