Misozi ya a Telala

Pakhomo pa a Kalipentala panali pabwino, tisaname. Ana ankadya, ankapita kusukulu, ankapemphera. Mwana wawo woyamba anthu ankangomutchula kuti Wazingwe, chifukwa kutchalitchi ndiye ankalumikiza zingwe za zokuzira mawu, ndipo Lamlungu ankajambula mapemphero pafoni kuti odwala azionera ali kunyumba. Anali mnyamata waluso, koma vuto lake linali limodzi: ankakomedwa msanga.

Lachitatu lililonse masana, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi munkakumana abambo amene anasiya mowa, ndipo a Kalipentala ndiwo ankatsogolera. Ankatseka chitseko n'kupemphera, kenako aliyense ankaulula zimene zikumusautsa. Ntchito ya Wazingwe inali kuyala mipando basi.

"Za m'chipinda muja zimathera momwemo," bambo ake ankamuuza. "Kachipinda kaja kabwezera amayi ambiri amuna awo. Ukayala mipando uzituluka, foni yako ili m'thumba."

Koma mnyamatayu anali ndi mnzake wometa tsitsi, wapakamwa potsekemera ngati shuga.

"Aise, luso lakoli likuwolera m'tchalitchi," anatero Wometa tsiku lina, akumuyendetsa makina m'mutu. "Anzako akutchuka ndi mavidiyo oseketsa, iwe uli pa ameni ameni. Chipembedzo chimangomanga anthu miyendo. Dziko linasintha kalekale, anthu akufuna kuseka, osati kuopsezedwa ndi moto."

"Nanga ndiwaseketsa ndi chiyani?"

"Haa, ukufunsa? Madala amalira Lachitatu aja! Ukugonera chuma, mphwanga."

Wazingwe anayamba pang'onopang'ono. Anajambula mkulu wina akusinza ulaliki uli mkati, kukamwa kuli yasa, n'kuponya pa intaneti. Anthu anaseka, ena n'kumulembera kuti ndi katswiri. Mayi ake ataiona vidiyoyo sanaseke.

"Mwanangu, munthu ameneyu amagwira ntchito ya ulonda, wabwera kutchalitchi asanagone. Ukumuseka chiyani? Fufuta!"

"Amayi, inu za masiku ano simungazimvetse."

"Chosamva anachiphikira m'masamba," anatero mayiwo, n'kupitiriza kuchapa.

Lachitatu lotsatira Wazingwe anayala mipando monga mwa masiku onse, koma foni anaiimika pazenera, pakati pa mabuku a nyimbo, diso lake litaloza pamene anthu amaimirira. Tsikulo anaimirira a Telala, bambo wofatsa wosoka zovala amene anali atasiya mowa zaka zingapo zapitazo. Anafotokoza tsiku limene anasiyira: anafika kunyumba ali thapsa, n'kugwa pakhomo, n'kudzikodzera ana akuona. Mwana wawo wamkazi anavula juzi yake n'kuwaphimba kuti anthu odutsa asaone. Pofika pamenepo mawu anawathera, analira ngati mwana.

Wazingwe anadula pemphero lonse, anadulanso za juzi zija. Anangosiya mawu akuti "ndinadzikodzera", kuwabwereza katatu, n'kuikapo kanyimbo ndi phokoso la anthu oseka chikhakhali. Kalanga ine, vidiyoyo inayenda ngati moto wolusa! Wometa anamumenya paphewa: "Watulukira, aise!"

Sipanatenge nthawi, ana asukulu anayamba kuima pakhonde pa a Telala n'kumaimba mawu aja. Ena ankabwera ndi thalauza yabwinobwino ngati akufuna kusoketsa, chonsecho akufuna kuona nkhope. A Telala anapirira masiku ochepa, kenako anatseka chitseko, makina osokera anangoti zii.

M'mawa wina akazi awo anafika kwa a Kalipentala. Anakana mpando.

"Abambo, tchalitchi chinandibwezera mwamuna, mwana wanu wandilanda. Abwerera kumowa. Mwana wanga wamkazi akukana kupita kusukulu, akuti anzake akumufunsa ngati bambo ake anagula thewera."

Wazingwe anali kuseri kwa chitseko, akumva zonse. Manyazi anamugwira, analakalaka pansi patang'ambika alowe. Anafufuta vidiyo ija, koma inali itafika kale m'mafoni osawerengeka. Madzi akatayika sawoleka. Anathamangira kwa Wometa kuti amuthandize nzeru.

"Ine ndimameta tsitsi, aise. Foni ndi yako, tchalitchi ndi chanu. Suntha, pali kasitomala."

Atabwerera kunyumba anapeza bambo ake atavala nsapato. Sanamukalipire, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa mbama.

"Tiye ukaone ntchito ya manja ako."

Anawapeza a Telala kuseri kwa bala, dzuwa lili paliwombo, atagona pafupi ndi makreti a mabotolo, nsapato imodzi palibe. A Kalipentala anagwada n'kuwapukuta kumaso ndi mpango.

"Gwira miyendo," anauza mwana wawo.

A Telala anatsegula maso, n'kumuyang'ana mnyamatayo nthawi yaitali.

"Ndiwe, mwanawe? Foni wabwera nayo? Jambula, usaope. Lero ndiye aseka bwino."

Wazingwe anayang'ana pansi ndipo anaona kuti thalauza ya bamboyo yanyowa. Analira pomwepo, anthu akuona, ndipo anawanyamula mpaka kunyumba kwawo osadzutsa mutu.

Lamlungu Wazingwe anaimirira kutsogolo kwa mpingo n'kuulula zonse. Mpingo unamukhululukira, poti ndiyo ntchito yake. A Kalipentala anayamba kupita kwa a Telala m'mawa uliwonse kukakhala nawo, mwina tsiku lina adzaimanso. Koma abambo ena aja anasiya kubwera Lachitatu, chifukwa palibe amene ankakhulupiriranso chitseko chotseka. Awiri a iwo anaonekanso kubala mwezi usanathe.

Ana inu, tamverani. Pali anthu amene akuima lero chifukwa chakuti pali malo amodzi pamene angagwade, kulira ndi kuulula popanda wowaseka. Wina akadzakuuzani kuti za Mulungu n'zachikale, mudzamufunse kuti munthu akagwa amakamudzutsa ndani. Wometa uja akumetabe tsitsi mpaka lero, sanapiteko n'komwe kukazonda. Musagule kutchuka ndi misozi ya munthu wolapa, chifukwa vidiyo mungaifufute, koma bambo wa eni mwamugwetsa kale.