Lole Yoimikidwa Bwino

Prodan Kolev, mwini kampani ya malole anayi kunja kwa tauni yathu ya Popovo, anapezeka atafa Lolemba m'mawa, 7 koloko itangokwana. Anali chigonere m'munsi mwa khoma la nyumba yosungiramo mpendadzuwa, chifuwa chitaphwanyika. Anamupeza ndi Zdravko, dalaivala amene ankayamba ntchito tsiku lomwelo. Pamene Insipekitala Vesela Drumeva ankafika, Zdravkoyo anali adakaima pomwepo, atanyamula thileyi ya banitsa wotentha, chitumbuwa cha kwathu kuno, woti adye ndi anzake atsopano, monga timachitira tsiku loyamba pantchito.

"Ika pansi chakudyacho," anatero a Drumeva. "Kapena bwera nacho kuno, sindinadye kanthu."

Mayi amenewa aona mitembo yambiri moti njala siwathawanso. Ankatafuna uku akuzungulira bwalo, mpaka Sajeni Panayot anawaitana. Anali atapeza magazi pachitsulo cha kumbuyo kwa lole yoyera imene inaima pakati pa khoma ndi thanki ya dizilo. Makiyi a loleyo anali m'thumba mwa Zdravko.

"Mlandu watha uwu, bwana," anatero Panayot, nkhope ili ngwee. "Ameneyu anagwetsa chisakasa cha pasiteji ya basi. Analowa m'khola la nkhuku za wansembe ndi galimoto ya buledi. Laisensi anamulanda kawiri, kachiwiriko ndinalanda ndine."

Zonsezo zinali zoona. M'tauni muno, Zdravko akaliza galimoto amayi amaitana ana kuti alowe m'nyumba.

Cha m'ma 9 koloko a Drumeva anali naye Zdravko m'chipinda chofunsira anthu kupolisi.

"Ndiuze, Zdravko, munthu wamutu wake angakulembe bwanji ntchito ya lole?" anafunsa a Drumeva.

"Ndinayenda makampani onse a chigawo chino, mayi. Akangomva dzina langa, khofi amene andipatsa ankamulandanso. Koma a Prodan anati madalaivala ambiri anathawira ku Jeremani, ngakhale mbuzi itabwera ndi laisensi aiyesa. Anati ndiyambe ndi maulendo afupiafupi, madala Tsvetan atakhala pambali panga kundiphunzitsa."

"Makiyi anakupatsa liti?"

"Loweruka. Ndinagona nawo pansi pa pilo." Apa misozi inayamba kutsika. "Mkazi wanga wauza kale msewu wonse kuti ndapeza ntchito. Ndiye amve kuti ndili kundende? Ndagundapo zinthu zambiri, mayi, koma munthu ayi. Ndipo ndikagunda ndimaima n'kupepesa. Kafunseni wansembe."

A Drumeva anamumvera chisoni, koma chisoni sichitulutsa munthu m'chitokosi. Anamutsekera kaye.

Masana anapita kwa Nevena, mkazi wa malemuyo, chifukwa oyandikana nawo anati anamva banjalo likukangana Lamulungu.

"Tinkakangana tsiku lililonse, ndiwo unali ukwati wathu," anatero Nevena akupukuta mamina. "Ndikanafuna kumupha ndikanadikira kuti mawondo ayambe kundipweteka? Ine ngakhale njinga sinditha kupalasa. Koma anali wanga, mayi, ndipo ndimusowa wokangana naye."

Njira imeneyo inathera pomwepo. A Drumeva anabwerera kubwalo la malole n'kukaima kutsogolo kwa lole yoyera ija nthawi yaitali. Malo ake anali opanikiza kwambiri. Analowetsa dzanja pakati pa ngolo ndi khoma, linangokwana. Mbali ya thanki chimodzimodzi. Wopha munthuyo anamupanikizira Prodan kukhoma ndi loleyi, kenako n'kuilowetsa chambuyo m'kampata kameneka popanda kukanda utoto. Magalasi a m'mbali anali atapindidwa, kuseri kwa tayala kuli chipika chotchingira. Malole ena atatu aja anangotayidwa pabwalo mmene eni ake anawasiyira.

"Panayot, kamutenge Zdravko. Undipezerenso migolo yopanda kanthu."

Anaimika migolo mizere iwiri, mpata wake wofanana ndi uja, n'kumuuza Zdravko kuti alowetsemo lole ina chambuyo. Madalaivala anzake anasonkhana kudzaonerera. Pakati pawo panali Tsvetan, mkulu wa imvi amene wayendetsa malole a Prodan chiyambire kampaniyo osagundapo ngakhale galu.

Ulendo woyamba Zdravko anaphwanya migolo iwiri. Wachiwiri, ngolo inapindika mpaka inatsala pang'ono kupsompsona mutu wa lole. Wachitatu analunjika kuchimbudzi, munthu amene anali m'menemo n'kutuluka atagwira buluku m'manja. Bwalo lonse linafa nacho chiseko.

"Akunamizira ameneyu, bwana," ananong'ona Panayot.

"Ndiye kuti wakhala akunamizira moyo wake wonse? Nkhuku za wansembe zinafera sewero?"

Munthu mmodzi yekha ndiye sankaseka. Tsvetan ankaluma mano, manja akuzungulitsa chiwongolero cha m'malere. Magiya atalira mokhadzula, anaphulika.

"Ukupha injini, chitsiru iwe! Pinda kumanzere kuti ngolo ipite kumanja! Ndiye ameneyu amupatse lole yanga?"

"Yanu ndi iti, madala?" anafunsa a Drumeva mofatsa.

Maso a Tsvetan anapita kulole yoyera.

Madzulo a tsikulo mkuluyo anakhala pampando umene Zdravko analirirapo m'mawa. A Drumeva anamuthirira khofi.

"Ndani amapinda magalasi ndi kuika chipika pakampani panu?"

"Ine ndekha. Enawa ndi oyendetsa mathirakitala chabe."

"Loweruka munaisiya choncho?"

"Loweruka Prodan anamuuza uja kuti aiyese pabwalo. Anaisiya chopingasa pafupi ndi geti, ngati ng'ombe yakufa."

"Nanga m'kampata muja inabwerera yokha?"

Tsvetan anakankhira khofi wake pambali.

"Kiyi ina imakhala pamsomali muofesi. Ndinalawirira lero, dzuwa lisanatuluke bwino, kuti ndimuchonderere Prodan komaliza. Anati ndakalamba. Anati ndimuphunzitse ameneyu miyezi ingapo, kenako ndizitsuka malole pabwalo. Ine, mayi! Lole imeneyo ndinakaitenga ndekha ili yatsopano. Ndadya Khirisimasi zingati m'menemo, pamalire a mayiko, ana anga akukula osandiona? Ndinamuuza zonsezo. Anaseka, n'kundisisita paphewa, n'kutembenuka kukatsekula chitseko cha nyumba ya mpendadzuwa. Ndinakwera, ndinamuona pagalasi, ndipo sindinaponde buleki."

"Ndipo munadziwa kuti tonse tiloza chala Zdravko."

"Ndani akanakayika?" Anapukusa mutu. "Ndinadziwa kuti ndiyenera kuisiya chopingasa mmene anaisiyira. Ndinaganizanso zoikhulitsa kukhoma pang'ono kuti zioneke kuti ndi ntchito yake. Ndinayesa, mayi. Manja anakana. Nditazindikira, ndinali nditaiimika kale pamalo pake, chipika chili m'manja."

Panayot anatuluka naye. Kunena zoona, ambiri m'tauni muno tinamulira mkuluyo pafupifupi ngati mmene tinamulirira Prodan, ngakhale sitinaiwale kuti anali wokonzeka kuwoletsa mnzake kundende.

Zdravko anamutulutsa tsiku lomwelo. Nevena anali atatumiza kale uthenga woti mpendadzuwa sudikira maliro, ndipo popeza madalaivala atsala awiri okha, Lolemba linalo abwere kuntchito. Anawonjezera kuti amupezera maulendo opanda kubwerera chambuyo.

Pakhomo la polisi Zdravko anaima, chipewa chili m'manja.

"Mayi, ndifunse nawo. Ndiye kuti mwanditulutsa chifukwa sinditha kuyendetsa?"

"Eya. Ukanakhala katswiri, bwenzi ukugona kuno."

Anaganiza pang'ono, n'kuyang'ana kumsewu kumene mkazi wake ankabwera chothamanga, mpango uli m'manja, akumuitana dzina.

"Chonde, mbali imeneyo musamuuze," anatero. "Iye akudziwa kuti ndine dalaivala."