Jeke ya Achimwene Anga

Madzulo a tsiku limenelo panalibe chachilendo. Unali mwezi wa Julaye, chaka chimene amuna ankakangana za chitaganya pakhonde lililonse. Mwera unkawomba, anthu anali atakolola, ndipo malole ankadutsa pamsewu wa ku Bua atadzaza matumba a mpunga. Ine ndinaswali pemphero la madzulo, ndinatsuka mbale, ndinagoneka ana. Kenaka ndinatenga nyundo n'kuibisa m'nsalu. Ndinkapita kukapha munthu.

Dzina langa ndine Rahila. Munthuyo anali Chande, ndipo musadabwe kuti sindimutchula ndi ulemu. Anapha achimwene anga a Sufiyani.

Achimwene anaphunzira umakaniki kunkhondo. Atabwerako anayamba kukonza magalimoto pakhomo pawo, pansi pa mtengo wa mango, ndipo anatenga Chande, mnzawo wa paubwana, kuti azigwira limodzi. Anali ndi jeke yaikulu yopukusa ndi chitsulo chachitali, komanso masitandi awiri, timipando tachitsulo ta miyendo itatu tokhazikapo galimoto ikakwezedwa. Masana ndinkawapititsira chakudya, choncho ntchito yawo ndinkaidziwa. Ankayamba aika miyala kumatayala akutsogolo. Ankakweza ndi jeke, n'kulowetsa masitandi, n'kutsitsa pang'ono mpaka galimoto itakhala pamenepo. Akatero ankaigwedeza ndi phewa kawiri. Ikapanda kusuntha m'pamene ankalowa pansi.

"Jeke ndi yokwezera basi," ankatero. "Wolowa pansi pa galimoto yokhala pa jeke yokha, ayambe watsanzika kwawo."

Munthu wotereyo ndi amene anam'peza tsiku lina Lachinayi atafa pansi pa lole yochotsedwa matayala akumbuyo, chitsulo chitamuphwanya chifuwa. Masitandi aja anali poteropo, ataimikidwa bwinobwino patsinde pa mango. Chande anauza apolisi kuti iye anali kumsika, ndipo kuti achimwene anaiwala kuwaika. Mzungu wa paboma analemba kuti inali ngozi. Ndinapita ndekha kuboma kukafotokoza kuti sitandi yopsinjidwa ndi lole sichoka yokha. Pamafunika munthu woti akweze jeke, aichotse, kenaka atsitse. Womasulira sanafune n'komwe kumuuza mzunguyo. Chande anali pomwepo, ndipo ndi amene anayankha.

"Mkazi za magalimoto angazidziwe bwanji?"

Onse anaseka.

Pa sadaka ya arobaini, patatha masiku makumi anayi chimwalirire achimwene, Chande analira kuposa ife abale. Patapita sabata anabwera ndi ngolo n'kutenga zida zonse, ati akazisunge. Eda, nyengo yobindikira mkazi wamasiye, itatha anakwatira mlamu wanga Laila, amene ankamufuna kuyambira kale achimwene asanapite kunkhondo. Mkaziyo sindimuimba mlandu. Anali ndi ana atatu ndipo analibe pogwira. Ine chimene chinanditsalira ndi nyundo imodzi imene inaiwalika kuseri kwa chitseko.

Ndinadikira chaka chathunthu. Tsiku limeneli kuchitsime ndinamva kuti Laila wapita ndi ana kumaliro kudera la kwa Malenga Chanzi, ndipo kuti Chande ali ndi lole ya mpunga yofunika kunyamuka m'mamawa, moti agwira ntchito ndi nyali. Nyumba yake inali payokha, kupitirira minda ya chinangwa. Ndinati mumtima, lero ndi lero.

Ndinadutsa m'chinangwa n'kukabisala m'nthochi za kuseri kwa nyumba yake. Zonse ndinkaziona. Lole inali itadzaza matumba mpaka pamwamba, chifukwa waulesiyo sanafune kutsitsa katundu. Matayala akumbuyo anali atachotsedwa, atagona pansi. Lole inakhala pa masitandi a achimwene anga, ndipo jeke yawo inali kumbuyo, chitsulo chake chopukusira chili chilowetsere. Nyali yagalasi inali pansi pafupi ndi thumba la zida. Chande anali atagona chagada pansi pa lole, kunja kukuoneka miyendo yokha. Ankaimba kanyimbo chapansipansi.

Maganizo anga anali oti ndiyambe ndamuthyola mawondo kuti asathawe. Zinazo ndikanachita monga anachitira iye.

Ndinagwira nyundo. Ndinadzuka.

Mphepo inaleka.

Amene mumaudziwa mwera mukudziwa kuti suleka chotero. Masamba a nthochi amene ankachita phokoso anangoti zii. Lawi la nyali linaima njo. Kenaka ndinamva fungo la ubani, lomwe lija limene limakhala m'nyumba yotsukiramo maliro.

Kumsewu kunkabwera munthu. Sankafulumira. Anavala jasi yaitali ya usilikali ndi kofia yoyera kumutu. Anaponda masamba ouma a mango, koma sanamveke. Phewa lake lamanzere linali lotsika, ndipo chifuwa chinalowa m'kati, moti jasiyo inkalendewera ngati yapachikidwa pamsomali. Anafika kumbuyo kwa lole n'kunjuta pafupi ndi jeke.

Chande anaona mthunzi. Anaganiza kuti ndi dalaivala wa loleyo.

"Mwabwera kale? Sindinamalize. Tandipatsani sipanala ija ya..."

Asanatchule kuti iti, dzanja la munthuyo linali litalowa kale pansi pa lole, litagwira sipanala. Ndinamva Chande akuilowetsa. Inakwanira ndendende.

Kanyimbo kaja sikanamvekenso.

Munthuyo anayankhula. Mawu ake ankatuluka ndi kamluzu, ngati mpweya ukudzera penapake pong'ambika.

"Ndikukwezere pang'ono, mnzanga, kuti uone bwino."

Ndinakhala pansi m'nthochimo. Anali achimwene.

Anagwira chitsulo chija. Kete. Kete. Kete. Lole yodzaza mpunga, yoti amuna awiri akanapukusa akutuluka thukuta, inakwera ngati dengu lopanda kanthu. Miyendo ya Chande inayamba kupalasa. Zidendene zinakumba dothi, fumbi linabuka, koma thupi silinasunthe ngakhale pang'ono. Chimene chinamugwira sindinachione.

Achimwene anadzuka. Anasolola sitandi yakumanja ndi dzanja limodzi, anakaiimika pakhoma. Anabwerera, anasolola yakumanzere, anakaiimika pambali pa inzake. Anaiwongola kuti ziime mofanana, monga ankachitira akaweruka. Kenaka ananjutanso, anatembenuza kachitsulo ka pajeke, n'kugwira chopukusira.

Kete.

Lole inatsika pang'ono, mwina kutalika kwa chala.

Anadikira. Anadikira nthawi yaitali, yoti munthu n'kupita kuchitsime n'kubwerako.

Kete.

"Sufiyani," anatero Chande. Mawu ake anali ngati a mwana. "Sufiyani, ndiwe?"

Achimwene anangoyang'ana jeke.

"Inali ngozi, m'bale wanga. Ine ndinali kumsika. Walahi ndinali..."

Kete. Kete. Kete.

"Ayi! Ayi, ndanama! Ndinali pomwepo. Ndimati ndingokuopseza, jeke inapulumuka yokha."

Kete.

Apa analira kulira kwenikweni, kosiyana ndi kwa pa sadaka kuja. Anaulula zonse, ine ndikumva ndi makutu angawa. Anati anadikira mpaka Laila atapita kumunda. Anati anauza achimwene mawu omwe aja, kuti awakwezere pang'ono aone bwino, ndipo iwo anayankha kuti zikomo mnzanga. Anati atachotsa masitandi anatsitsa kamodzin'kamodzi, ndipo achimwene sanafe nthawi yomweyo. Achimwene anamuitana dzina katatu, akuganiza kuti wapita kukaitana anthu. Iye anali ataima kuseri kwa mango, akudikira kuti aleke.

Zimenezi sindinkazidziwa. Ndinaluma nsalu yanga kuti ndisakuwe.

Kete.

Tsopano chitsulo chapansi pa lole chinakhudza chifuwa chake. Ndinamva batani la malaya likuthyoka. Kulira kunatha, chifukwa kulira kumafuna mpweya. Ankangopuma pang'onopang'ono ngati nkhuku yomangidwa padzuwa.

Ndinatuluka m'nthochi, nyundo ili m'manja. Sindinkaopanso. Ndinkafuna kuti ndikhale ine womaliza. Nditafika pamene kuwala kwa nyali kunathera, achimwene anatembenuka. Nkhope sindinaione, kofia inachita mthunzi mpaka pachibwano. Anakweza chikhatho n'kundiimitsa. Ndinamva kuti apa si panga. Ndinaika nyundo pansi n'kukhala pa tayala limodzi.

Chande anatembenuza mutu. Anaona mapazi anga, kenaka nkhope.

"Chemwali... Rahila... kaitaneni anthu." Liwu lililonse ankalitulutsa palokha. "Kapena... pukusani... chakumanja. Mukudziwa."

"Mkazi za magalimoto angazidziwe bwanji?" ndinamufunsa.

Anabweza maso kwa achimwene.

Tinakhala choncho atatu. Achimwene ali chinjutire, dzanja lili pa chitsulo. Chande maso ali pa dzanjalo. Ine maso ali pa Chande. Dzanja likagwedezeka pang'ono, iye ankatsinzina. Anayesa kunena mawu a Mulungu amene munthu amanena akamafa, koma mpweya unkamuthera pakati. Anayambanso, unamutheranso. Kunazizira kwambiri, koma ine sindinafunde nsalu. Sindinaphethire n'komwe. Kwa chaka chonse ndinkagona ndikuganiza za nkhope imeneyi ili chonchi, ndiye ndikanataya bwanji ngakhale kamphindi? Mafuta anatha m'nyali, inazima, ndipo ndinapitiriza kumvetsera kupuma kwake mumdima. Kunkandikomera. Ndikunena zoona, Mulungu adzandifunsa yekha.

Kum'mawa kutayamba kuyera, azana yoitanira anthu kumapemphero inamveka kuchokera kumzikiti wa kutauni. Ndinacheukira kumeneko mwachizolowezi. Pobweza maso, pajeke panalibe munthu. Mwera unayambanso kuwomba ngati sunalekepo.

Ndi mmene anatipezera dalaivala ndi amuna atatu onyamula katundu. Laila ali kutali, ine mlongo wa malemu ndili pa tayala, nyundo ili pamapazi, mwini nyumba ali pansi pa lole.

"Mayi inu, mwachita chiyani?" anakuwa dalaivala.

"Mufunseni yekha."

Anathamangira pajeke. Anapukusa, sinasunthe. Anagwira awiri, kenaka onse anayi, mpaka chitsulo chinapindika. Anachita kutsitsa matumba onse, kuitana anthu a m'mudzi, n'kutukula lole ndi mitengo ya bulugamu. Atamukoka, nthiti zonse zinali zabwinobwino. Pachifuwa pokha panali mzere wakuda wopingasa, umene sunafufutike mpaka imfa yake.

Apolisi ananditsekera masiku awiri. Ananditulutsa chifukwa Chande mwiniyo anakana kuti sindine. Anaitanitsa shehe ndi akuluakulu, n'kubwereza pamaso pawo zonse zimene ananena usiku uja. Nkhani itafika paboma, mzungu anati munthuyo wasokonezeka mutu, ndipo mlandu wotsekedwa sautsegula chifukwa cha mizukwa. Laila anatenga ana ake tsiku lomwelo n'kubwerera kwawo. Makaniki wina wa ku Salima amene anabwera kudzamaliza lole ija anaiyang'ana jeke n'kupukusa mutu. Anati inali itatsika mpaka kumapeto, patangotsala dzino limodzi kuti ikhale pansi. Anakana kuigula, anakananso kuitenga yaulere. Anyamata anakaiponya mumtsinje wa Bua, pamalo akuya.

Chande anakhala zaka zina zinayi. Sanagwirenso sipanala. Sankathanso kugona chagada kapena chammbali, ankati denga likutsika. Kenaka anayamba kuopa denga lililonse, ngakhale la mzikiti, ngakhale nthambi za mtengo. Ankagona chokhala pabwalo la nyumba yake, atatsamira mtondo wosinjira, mvula ikumuvumba. Ndikamadutsa popita kumunda ndinkamupatsa moni mokweza, ndipo iye ankabisa nkhope m'mawondo.

Anam'peza m'mawa wina wa mwezi wa Okutobala pakati pa bwalo lomwelo, atagona chagada, manja atatambasula. Chifuwa chinali chitaphwanyika mpaka kumsana. Pafupi panalibe galimoto, panalibe mwala, panalibe mtengo wogwa. Pamwamba pake panali thambo lokha.

Pamaliro ake ndinapita, ndinakhala kumbuyo kwenikweni. Amayi ankanong'onezana, akundiyang'ana cham'mbali. Ena ankati ndinapita kwa sing'anga wa ku Nkhunga kukadzutsa wakufa. Ena ankati ayi, wakufa wophedwa sadikira kuitanidwa. Mayi wina amene munda wake unagundana ndi wa Chande analumbira kuti usiku umenewo anadzuka kukathamangitsa nguluwe m'chinangwa, ndipo anamva chitsulo chikulira kamodzi kokha, kete, kenaka zii.

Mayiyo anasendera pafupi nane n'kundigwira bondo.

"Inu a Rahila, tiuzeni zoona. Anali achimwene anu?"

"Ine ndinali m'tulo," ndinamuyankha. "Ndipo ndinagona bwino kwambiri."