Mayina Anakwera Galimoto

Yoram Shaba wa kufupi ndi Champhira anali mphawi, inde, koma chimene chinkamuwawa kwambiri inali galimoto yoyera. Lachisanu lililonse inkachokera ku Jenda, kumuthira fumbi pakhomo, n'kukaima kwa Loyce NyaTembo, nyumba yachitatu kuchokera pake. Inkabweretsa alendo akunja odzaona moyo wa kumudzi. Ankasinja chimanga, kusoka fodya m'chigafa, kuonera ingoma, ndipo potsanzikana wamkulu wa gululo ankapatsidwa dzina lakuno. Zadzinazo ndiye ankazikonda zedi, ena mpaka kugwetsa misozi. Loyce anafolera malata zaka ziwiri zisanathe. Yoram fodya wake anali atamugwetsa kawiri, ndipo nsanje inamutha thupi.

Tsiku lina anakwera lole ya matabwa kupita ku Chikangawa, kwa a Zgambo, sing'anga amene ankakhala kuseri kwa macheka. Anawapeza akuwothera dzuwa pa mulu wa utuchi. Sanamufunse n'komwe chimene wadzera.

"Alendo ndikupatsani, ndipo ndalama zanu sindikuzifuna," anatero. "Koma kamodzi pachaka muzimupatsa mlendo dzina la munthu wamoyo, wam'nyumba mwanu."

"Nanga mwini dzinayo amwalira?"

"Ayi, adada. Azidya, azilima, aziseka. Dzina lokha ndi limene lizikwera galimoto."

Yoram anaona ngati watola nkhwangwa ndi mpini womwe. Dzina n'chiyani, amatafuna? Analandira kansupa n'kukakakwirira pakhomo.

Lachisanu lotsatira galimoto ija inaima pake popanda woikodola. Mzungu wamtali amene ankatsogolera gululo Yoram anamutcha Suzgo, dzina la mng'ono wake amene ankakhala naye. M'mawa mwake Suzgo anamuona Yoram akutuluka m'nyumba, anavula chipewa, anamukokera mpando n'kumufunsa mwaulemu kuti wayenda bwanji. Yoram anaseka, kuyesa nthabwala. Sinali nthabwala. Suzgo ankadziwa aliyense m'mudzimo, ngakhale ng'ombe zomwe, koma mkulu wake ankamuona ngati munthu wongodutsa.

Ndalama ndiye zinabwera, musanene. Malata, sola, njinga yamoto, zipinda zitatu za alendo. Chaka chitatha Yoram anadziuza kuti mkazi amene wakhala naye zaka makumi awiri sangamuiwale chifukwa cha kansupa, mbwenu anapereka dzina la Masozi kwa mayi wina wa tsitsi loyera. Tsiku lomwelo Masozi anasamutsira mphasa yake kukhitchini, ati mkazi wapabanja sagona chipinda chimodzi ndi mlendo. Chakudya ankamuikira payekha, m'mbale zagalasi zija za alendo, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Kunja ankawamva akucheza, akuseka, koma akangotuluka onse ankakhala chete n'kumupatsa mpando. Munthu sanasungulumwepo chotero pakhomo podzaza anthu.

Anatsala naye mmodzi, mwana wake Tiyezge, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Yekhayo ankamutchabe adada. Ankabwera ndi mbale yake kudzadya naye, n'kumamufunsa chimene chawagwira amayi ake. Yoram ankangoti ndi matenda. Mumtima analumbira kuti dzina la mwana uyu lokha silichoka.

Chaka chachitatu anayesa kuchenjera, anapereka dzina la malemu bambo ake. Lachisanu lotsatira galimoto inamudutsa osachepetsa liwiro, n'kukaima kwa Loyce. Milungu inayi anapirira, atakhala pakhonde, akumva ng'oma za kwa mnzake. Chakudya chinalipo, malata sanali kudontha, palibe chimene ankasowa. Koma mtima wa nsanje sukhuta.

Mlungu wachisanu galimoto ija inaphulika tayala pakhomo pake penipeni. Pamene dalaivala ankasintha, mlendo wina wachitsikana anakhala pamthunzi n'kunena kudzera mwa womasulira kuti wamva zoti kuno amapatsa mayina, lake likhala ndani? Tiyezge anali akubwera ndi madzi akumwa. Yoram anayang'ana msewu wopita kwa Loyce, anayang'ana mwana wake, ndipo analitchula.

Galimoto itanyamuka, Tiyezge anagwada patali pang'ono, manja pamodzi.

"Monire, alendo. Pepani chomene, adada kulibe, sindikudziwa kumene anapita. Koma khalani, mwina abwera."

Yoram anafukula kansupa kaja n'kuthamangira ku Chikangawa. Anapeza utuchi wokha. Atabwerera anayesa kuwafotokozera zonse a m'nyumba mwake, akulira, koma iwo anamumvera chisoni monga amachitira ndi mlendo wodwala mutu, n'kumuperekeza pamsewu.

Lero mukadutsa pa Jenda mungamuone bambo wa jekete long'ambika akukodola galimoto iliyonse yoyera. Sapempha ndalama. Amangosuzumira pawindo n'kufunsa ngati muli Tiyezge.

Abale, chuma cha mankhwala sichidya mlendo, chimadya wam'nyumba. Amene sakhutira ndi zimene ali nazo amagulitsa ngakhale mwana womutcha bambo, ndipo chogulitsidwa chotero sichiwomboledwa.