Uthenga Umene Unakodwa mu Sefa

Basi inachedwa. Mtsikana wina ankangokhala n'kudzukanso pabenchi la pasiteji, akumenyamenya foni m'manja, vidiyo yophunzitsa kupanga mawebusayiti ikukana kuyamba. Anzake ankamutcha Adimini, chifukwa ndiye ankayang'anira bwalo la pa intaneti la achinyamata ophunzira kupanga mapulogalamu a kompyuta. Ankaikapo maphunziro aulere, kuyankha mafunso ndi kuleretsa okangana.

"Achemwali, foni siithamanga ndi makofi," anatero mnyamata wina wokonza mafoni pakhonde la sitolo yapafupi. Anasuzumira pafoniyo. "Aa! Bwaloli inenso ndilimo. Ndiye ndinu munafufuta malonda anga a machaja?"

"Ndine. Malamulo simuwerenga?"

"Ndikadadziwa kuti Adimini ndi wokongola chonchi, bwenzi ndikulakwa tsiku ndi tsiku."

Mtsikana anaseka. Choseketsa pamenepo n'chiyani? Koma mwana wanzeru zake anaseka, mpaka basi inamusiya.

Sabata isanathe, "achemwali" anasanduka "duwa langa". Wamafoniyo ankamulembera m'bokosi la mauthenga apadera la pabwalo lomwelo.

"Dale, phunziro lachitatu landikanika. Ndikatsegula ndikungoona nkhope yako."

"Usandinamize iwe, werenga!"

"Ndikulumbira, mtima wanga uli ndi pasiwedi imodzi, ndipo ndakupatsa iwe wekha."

Mtsikana anasokonezeka mutu. Mafunso a ophunzira ankagona masiku awiri osayankhidwa. Foni ikalira, ankasiya mpopi ukutuluka madzi. Ikakhala chete, ankaigwedeza ngati yafa.

Amayi ake, omwe ankasoka makatani pabalaza, anaimitsa makina tsiku lina.

"Iwe, foniyo ndi khanda? Ukungoyenda nayo uku ndi uku."

"Amayi, pali munthu."

"Ndaona kale, sindine wakhungu. Mwamuna wa m'foni ine sindimuwerengera. Abwere Lamlungu, akhale pampando apo, ndimuone m'maso."

"Mwezi wamawa bwanji, amayi?"

"Lamlungu."

"Chabwino, masabata awiri okha."

"Ukanenereranso ndinena kuti mawa."

Mtsikana anamulembera mnyamata uja. Kodi akana? Kodi athawa? Yankho linabwera mphindi yomweyo: "Ndibwera, wapamtima. Ngakhale kugwe mvula yamatalala, ndidzagogoda pakhomo panu!"

Loweruka m'mawa anasesa pabalaza kawiri. Anasuntha mipando, n'kuibwezanso pomwe inali. Anasita diresi labuluu, kenako lachikasu, kenako labuluu lomwe lija.

"Khala pansi, ukundichititsa chizungulire!" anakalipa amayi ake. "Pita ukagwire ntchito yako ija."

Anatsegula laputopu patebulo. Chaka chatha akathyali anavutitsa ophunzira ndi mauthenga a ntchito zabodza, ndiye iye anaika sefa pabwalopo: uthenga umodzimodzi ukatumizidwa kwa anthu oposa asanu, sufika. Umayamba wadikira kuti Adimini auwerenge, aulole kapena aukane. Zimenezi zinalembedwa patsamba la malamulo, limene anthu aulesi satsegula.

Mu sefamo munali uthenga umodzi wokha. Wotumiza anali wamafoni uja. Olandira anali atsikana asanu ndi mmodzi, onse ophunzira ake.

"Duwa langa, mawa sitionana, ndikukazonda azakhali anga odwala. Usakwiye dale, mkati mwa sabata ndine wako. Ndimakonda iwe wekha."

Anawerenga katatu. Wekha? Anthu asanu ndi mmodzi, wekha? Mmodzi mwa iwo anali mtsikana amene iye mwini anamuphunzitsa kuyambira pa kugwira mawusi! Ngakhale kusintha liwu limodzi, mnyamatayo anachita ulesi. Anangokopera n'kumata, kukopera n'kumata.

Anaimirira, anakhala, anaimiriranso. Misozi inadontha pa kiyibodi.

"Wamwalira ndani?" anafunsa amayi ake.

Anawawerengera uthengawo pang'onopang'ono.

"Bwereza pamene pali azakhali."

Anabwereza.

"Ehe! Ndiye wodwalayo ndine? Ine amene ndasoka makatani anayi m'mawa uno?"

"Amayi, komatu wawakana onsewo kuti abwere kwa ine..."

"Wawakana kapena wawasungira mkati mwa sabata? Mwananga, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma kuwerenga anthu ndimatha. Iweyo ndiwe wachisanu ndi chiwiri. Ukufuna mwamuna kapena ukufuna tsiku limodzi pa sabata?"

Mtsikana anapukuta maso ndi mkono. Anadina pokana. Analembera atsikana aja mmodzimmodzi, aliyense mawu akeake, kumuuza zimene waona. Pomaliza analembera mwini wake: "Uthenga wanu wakanidwa chifukwa mwautumiza kwa anthu ambiri. Mwachotsedwa pabwalo. Adimini."

Foni inayamba kulira. Inadula, n'kuliranso. Kenako meseji: "Dale, ndiyankhe! Ndimasewera chabe ndi enawo. Popanda iwe ndifa!"

Dzanja lake linanyamuka lokha kupita kufoni. Mtima ndi wopusa, umafuna kumva bodza lina kaye. Koma italiranso, amayi ake anaitola msanga, n'kuyiyika kukhutu.

"Halo? Ayi, si dale. Ndine azakhali ako odwala aja. Ndachira, usavutike kubwera."